Makiyi a m'phiri la Mulanje: mbiri ya Mountain Club of Malawi

Pamwamba pa phiri la Mulanje pali nyumba 10 zogonamo anthu apaulendo, zomwazikana m'zidikha ndi m'mphepete mwa mitsinje: Chambe, France's Cottage, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka, ndi ina ya mpingo wa CCAP imene ilinso ku Lichenya komweko. Kupatula ya mpingoyo, zinazo ndi za boma, zoyang'aniridwa ndi nthambi ya zankhalango, ndipo aliyense amene walembetsa ndi kulipira angathe kugonamo. Nyumba iliyonse ili ndi mlonda wake. Ukamafika madzulo, mawondo ali njenjenje, iye amakhala atakuona kale uli kutsidya kwa dambo. Pomwe uzitula chikwama pakhonde, utsi wayamba kale kufuka padenga, ndowa ya madzi osamba ili pamoto. Koma mkatimo muli kachipinda kapena kabati yokhoma ndi loko. M'menemo muli matiresi, mabulangete, mapoto, mbale, makapu ndi nyali. Katundu ameneyo si wa boma. Ndi wa Mountain Club of Malawi, ndipo kwa zaka zambirimbiri wotsegula pamenepo ankayenera kukhala membala amene wakatenga kiyi kumunsi, kwa wosunga makiyi a bungwelo.

Loko ameneyu ngwabwino, pakuti popanda iye katunduyo bwenzi atatha kalekale. Komabe loko aliyense amagawa anthu pawiri, a mkati ndi a kunja, ndipo mbiri ya bungweli ndi nkhani ya amene anagwira kiyi, amene anasenza katundu kufika pakhomo, ndi amene ayenera kulandira kiyiyo tsopano.

Phirili linali ndi eni ake azungu asanabwere. Amang'anja, kenako Ayao ndi Alomwe, ankakwera kukasaka nyama, kukakumba mankhwala, kukadula nsungwi, ndiponso kukathira nsembe mvula ikavuta. Ankaliopa ndi kulilemekeza monga mudzi wa mizimu, ndipo malamulo ake akumvekabe mpaka lero kwa agogo a m'tsinde mwake: ukapeza chakudya chokonzakonza panjira, udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako. Mumpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, umene lero timautchula kuti Fort Lister, munkadutsa magulu a akapolo opita kunyanja yamchere. David Livingstone analiona phirili mu 1859 pa ulendo wake wa kunyanja ya Chilwa, koma analionera patali.

Chimene chinakokera boma la atsamunda pamwamba ndi mtengo. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, anakwera nakatola nthambi za mkungudza, ndipo mu 1894 akatswiri a ku London anaupatsa mtengowo dzina la sayansi lokumbukira iyeyo, Widdringtonia whytei. Thabwa la mkungudza ndi lonunkhira, chiswe sichilidya, siliola msanga. Posakhalitsa macheka anayamba kulira m'makwawa, ndipo mapaso ndi zitseko za nyumba zambiri za boma ndi za mishoni zinachokera m'phiri muno. Kumunsi nako minda ya tiyi inali itayamba kufalikira kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Mu 1927 boma linalengeza kuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa. Zina mwa nyumba zoyambirira za pamwambapa zinali zogonamo ogwira ntchito zankhalango akamayendera mitengo, ndipo njira zimene alendo amazitamanda lero zinapondedwa ndi mapazi a ocheka matabwa ndi amtengatenga. Bungwe la okwera mapiri linapeza zonsezi zilipo kale.

Lisanabadwe bungwelo, phiri linaonetsa ukali wake pa ngozi imene inamveka kutali. Mu 1949 Laurens van der Post, mlembi wa ku South Africa, anatumidwa kudzaona ngati Mulanje ndi Nyika angathandize pa ulimi. Anatsagana ndi Fred France, mnyamata woyang'anira nkhalango amene ankakhala ku Chambe ndi mkazi wake ndi mwana wakhanda. Chiperoni chinawatsekera m'phiri, mitsinje inadzaza, ndipo France anakokoloka poyesa kuoloka madzi olusa pamwamba pa mathithi. Van der Post analemba za imfayo m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior, limene linatuluka mu 1952, ngakhale kuti m'bukumo anam'patsa mnyamatayo dzina lina. Nyumba ya France's Cottage ndiyo ikusunga dzina lake lenileni.

M'zaka zomwezo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndi pamene anthu okonda phirili anakhazikitsa Mlanje Mountain Club, kalembedwe ka dzinalo kali ka nthawi imeneyo. Nzeruyi sinali yachilendo kwa iwo. Ku London kunali Alpine Club kuyambira 1857, ndipo ku Cape Town kunali Mountain Club of South Africa kuyambira 1891. Mamembala a Mlanje Mountain Club anali azungu a m'maofesi a boma ku Zomba, a m'makampani a ku Blantyre ndi Limbe, a m'minda ya tiyi, aphunzitsi ndi amishoni. Tisabise mawu apa: inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, ndipo makalabu a azungu anali a azungu. Mmalawi pa ulendo wa kalabu analipo ndithu, koma anali kutsogolo akulanga njira kapena kumbuyo atasenza bokosi la zakudya pamutu.

Kunena zimenezi sikufafaniza ntchito imene bungweli linagwira, ndipo ntchitoyo ndi yooneka. Linagwirizana ndi a zankhalango kuti liziika katundu m'nyumba zija, kuti munthu asamakwere ndi mphika ndi matiresi kumsana. Linathandiza kukonza madenga, mawindo ndi zimbudzi pamene thumba la boma linali lopyapyala. Linkakonza maulendo a kumapeto kwa sabata, ulendo uliwonse ndi mtsogoleri wake, ndipo obwerako ankalemba lipoti: anadzera njira iti, anayenda maola angati, madzi anawapeza pati, anasokera pati. Malipoti oterewa amaoneka ngati nkhani zopanda pake, koma akaunjikana zaka makumi angapo amasanduka chuma. Mamembala anaika zizindikiro m'njira zopita kunsonga, madontho a utoto wofiira pamiyala ndi timilu ta miyala tosanjikiza. Amene anayendapo mu nkhungu ya Mulanje, pamene dzanja lako lomwe umaliona mwa apo ndi apo, amadziwa mmene mtima umatsikira ukaona kadontho kofiira patsogolo pako. Ndipo munthu akasowa m'phiri, a kalabu anali m'gulu la oyamba kuitanidwa kukasaka.

Chipatso chachikulu cha zolembalemba zonsezo ndi buku la Frank Eastwood, Guide to the Mulanje Massif, limene linasindikizidwa koyamba mu 1979. Linafotokoza njira zochokera kunyumba ina kupita ku inzake, njira za kunsonga, ndi malo okwera ndi zingwe, ndipo kwa nthawi yaitali linali buku limene aliyense wopita m'phirimo ankalipinda m'chikwama. Eastwood anali wokwera matanthwe wolimba mtima. Iye ndi anzake, m'zaka za m'ma 1970, anatsegula njira zokwera ndi zingwe pakhoma la kumadzulo kwa Chambe, thanthwe loima chilili mamita 1,700, limene ambiri amati ndilo lalitali kuposa onse okwera ndi zingwe mu Africa muno. Ukamadutsa pamsewu wa ku Phalombe dzuwa likupendeka, kweza maso uone khomalo, kenaka uganize kuti pali anthu amene anapachikika pamenepo tsiku lonse ndi zala ndi chingwe basi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 bungweli silinafe monga anafera makalabu ena a nthawi ya atsamunda. Dzina linasintha, mpaka linakhala Mountain Club of Malawi, ndipo maulendo ake anafika ku Zomba, Chiradzulu, Dedza, Nyika ndi mapiri ena. Mu Blantyre linatchuka ndi ulendo wa chaka ndi chaka wotchedwa Three Peaks Walk, woyenda pansi makilomita oposa 40 tsiku limodzi, kukwera Michiru, Ndirande ndi Soche. Amanyamuka kusanache m'nyengo yozizira, ndipo ofooka amatsala panjira. Ulendo umenewu ndimauona ngati khomo limene Amalawi ambiri analowera m'bungweli, chifukwa sufuna galimoto, sufuna tchuthi, ndipo umadutsa m'makwalala a kwathu komwe, pakati pa amayi ogulitsa mandasi ndi ana opita kukatunga madzi. Komabe kwa zaka zambiri mamembala ochuluka anakhalabe alendo obwera pa kontrakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, aphunzitsi a sukulu za ana a anthu akunja, madokotala ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Oterewa amabwera ndi khama, amagwira ntchito ndi mtima wonse, koma nthawi yawo ikatha amanyamuka ndi zimene akudziwa, wina n'kuyambanso pachiyambi.

Amene sanyamuka ndi onyamula katundu, otsogolera alendo ndi alonda. Apa ndi pamene mtima wanga uli. Mnyamata wa ku Likhubula kapena wa ku Fort Lister amadikira pamndandanda wa ku ofesi ya zankhalango masiku angapo kuti dzina lake lifike. Likafika, amasenza chikwama cha mlendo pamwamba pa kathumba kake ka ufa ndi usipa, n'kukwera njira ya Skyline kapena ya Chapaluka atavala nsapato zimene mlendoyo sangayerekeze kupita nazo ngakhale kumsika. Amadziwa mtambo umene ukubweretsa chiperoni ndi umene ungodutsa. Amadziwa mwala woterera, dziwe lakuya, ndi nthawi imene muyenera kubwerera ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Usiku mlendo akalowa m'chipinda chokhala ndi matiresi, iye amakagona kwa mlonda pafupi ndi moto. Mabuku a maulendo amatchula amene anafika pansonga. Amene anawafikitsa kawirikawiri amangolembedwa kuti analipo awiri kapena atatu.

N'chifukwa chake mpikisano wa Mount Mulanje Porters Race, umene unayamba mu 1996, ndimauyesa chimodzi mwa zinthu zokoma zimene zachitika paphirili. Poyamba unali wa onyamula katundu ndi otsogolera alendo okhaokha, kenaka unatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi. Amayambira ku Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso ku Likhubula, mtunda wa makilomita oposa 20. Woyenda wamba njira imeneyi imamudyera tsiku lathunthu, ena amagona panjira. Opambana amaimaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa, ena mwa othamangawo ali chosavala nsapato. Tsiku limenelo mlendo ndiye amaima pambali n'kuwomba m'manja.

Kufunika kwa anthu amenewa kunaonekeranso pa zovuta ziwiri zimene dziko lonse linamva. Mu 2003 Linda Pronk, mtsikana wa ku Netherlands, anapita yekha cha ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi, ya mamita 3,002, ndipo sanapezeke mpaka lero. Mu 2009 Gabriel Buchmann, wophunzira zachuma wa ku Brazil, anapitiriza yekha ulendo wa kunsonga yomweyo atasiyana ndi womutsogolera, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Mnzake Fellipe Barbosa anajambula filimu ya ulendo wakewo, Gabriel and the Mountain, imene inatuluka mu 2017. Onse awiri anali achinyamata amphamvu ndi ophunzira. Pamwambapo, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, ndipo nkhungu ikatseka, njira ya ku Sapitwa yodutsa pansi pa miyala ikuluikulu imafanana paliponse. Amene anakwera ndi kutsika kangapo pofunafuna anthu awiriwa anali anyamata a m'midzi yomweyi.

Pali nkhani ina imene bungwe la okonda phiri silingaithawe, nkhani ya mkungudza. Nyumba zambiri zija anamangira matabwa ake. Moto umene alendo akhala akuotha m'menemo, wonunkhira bwino uja, nthawi zambiri unali wa nkhuni zake. Kumunsi, pachipata cha Likhubula, alendo omwewo ankagula timabokosi ndi ndodo zoyendera zosemedwa ndi mtengo womwewo. M'njira ankapatukira amuna otsika ndi thabwa lalitali pamutu, thukuta lili chuchuchu, akuthamanga pang'onopang'ono kuti katundu asawalemere, ndipo ambiri ankangowajambula zithunzi. Sindikunena kuti okwera mapiri ndiwo anatha mkungudza. Anautha ndi macheka, a chilolezo ndi ozembera, ndi moto wolusa wa chilimwe, ndi tizilombo toyamwa madzi a mtengo timene tinafika m'dziko muno cha m'ma 1986, ndiponso mitengo ya paini imene boma linabzala ku Chambe n'kuyamba kufalikira yokha. Koma tonse amene tinaotha motowo tili ndi gawo lathu. Mu 1984 mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Pofika 2017, kafukufuku anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha imene inatsala chiimire m'phiri lonse.

Ntchito yoteteza chilengedwe inakulira kalabu ya anthu ongodzipereka, ndipo kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 yakhala m'manja mwa Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango. Bungwe limeneli lazula paini, lalambula njira zotchinga moto, ndipo mogwirizana ndi Botanic Gardens Conservation International ndi Forestry Research Institute of Malawi lathandiza midzi yozungulira kufesa mbande za mkungudza zimene zabzalidwa pamwamba zikwizikwi. Mu 2000 UNESCO inaika phirili pamndandanda wa malo a chilengedwe ofunika kusamalidwa, ndipo mu 2025 inalilandira kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Zimenezi zinandikondweretsa kwambiri, chifukwa ulemu unapita kwa eni phiri. Koma phiri lovulidwa silimva za mapepala. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu Malichi 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Soche komwe kumadutsa ulendo wa nsonga zitatu uja, napha anthu mazanamazana, nakokolola midzi, milatho ndi njira.

Tsono kiyi uja apite kwa yani? Ine ndikuti kwa ophunzira. Taonani mmene sukulu zathu zaukachenjede zinakhalira. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, m'tsinde mwenimweni mwa phiri. MUBAS, imene kale inali Polytechnic, ili pakati pa Soche, Ndirande ndi Michiru. MUST, imene inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, imayang'anana ndi Mulanje tsiku lililonse. Komabe wophunzira angathe kumaliza zaka zinayi, ngakhale za maphunziro a zamiyala kapena zankhalango, osagonapo usiku umodzi pamwamba. Ku University of Cape Town ophunzira ali ndi kalabu yawo ya mapiri kuyambira 1933, ndipo mphamvu yake ndi yakuti wa chaka chachinayi amaphunzitsa wa chaka choyamba, nzeru n'kumatsala pasukulu ngakhale anthu akusinthana. Masiku ano magulu a achinyamata okwera mapiri akuchuluka m'Malawi, akumemezana pa WhatsApp ndi pa Facebook, kukwera minibasi Loweruka m'mawa. Ndi chinthu chosangalatsa kuona. Chimene magulu ambiri otere akusowa ndi chomwe Mountain Club yakhala ikusunga zaka zoposa 70: chizolowezi cholemba za ulendo, kudziwa kuwerenga mapu, kuwerengana ponyamuka ndi pofika, kunyamula zinyalala zako potsika, ndi kulimba mtima kobwerera nyengo ikaipa. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu yakaleyi ikufuna miyendo yatsopano ya anthu osachoka m'dziko, ndipo achinyamatawa akufuna nkhokwe ya zimene ena anaphunzira movutikira.

Kuitana kumeneku sikuthera pamalire a Mchinji. Wachinyamata wa ku Kasisi m'boma la Chongwe ku Zambia wakulira pamalo athyathyathya, ndege za pabwalo la Kenneth Kaunda zikumudutsa pamutu. Mnzake wa pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, chimodzimodzi. Mapiri aatali kuposa onse m'Zambia ndi a Mafinga, a mamita pafupifupi 2,300, ndipo ali kutali kumpoto chakum'mawa, kumalire ndi Malawi. Wofuna kuponda mamita 3,000 popanda kukwera ndege, njira yake ndi Great East Road: kudutsa Chongwe, kuoloka Luangwa, Chipata, Mchinji, Lilongwe, Blantyre, mpaka pa Chitakale pokhotera ku Likhubula. Ndi ulendo wa masiku awiri pabasi, ndipo akafika sadzasowa womasulira. Adzapatsana moni ndi mlonda wa ku Thuchila m'chinenero cha kwawo, adzakambirana mtengo ndi womutsogolera maso ndi maso, ndipo usiku adzamva nkhani za phirili kuchokera kwa eni ake, zimene mamembala oyamba aja ambiri ankangozimvera kwa wophika.

Gulu la ophunzira lofuna kuyamba silisowa zambiri. Lisankhe miyezi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, likumbukire kuti chiperoni sichipangana ndi munthu, ndipo aliyense atenge chovala chofunda ndi chotchinga mvula ngakhale kumunsi dzuwa likuswa mtengo. Lilembetse ku ofesi ya zankhalango, litenge wotsogolera wa pamndandanda, limulipire mtengo wogwirizana popanda kunenerera ngati pamsika wa kaunjika, ndipo lisaiwale kangachepe ka mlonda. Lilembere a Mountain Club kufunsa za umembala ndi za katundu wa m'nyumba zija. Ndipo ngati lingathe, lifunse a Mulanje Mountain Conservation Trust kumene kukufunika manja, pakuti mbande za mkungudza zimene zabzalidwa pamwamba zimapsa ndi moto umodzi wokha, ndipo njira zotchinga motowo ziyenera kukhala zitalambulidwa udzu usanaumiretu mu Ogasiti.